Dzira la m'mawa ndi manja onjenjemera a amuna anga

Aphungu,

Kalata iyi ndalemba ndekha ndi dzanja langa, ndipo zilembo zake ndikuziona. Musaseke, chifukwa chaka chathachi sindikanatha ngakhale kudziwa pamene pepala lathera. Ndine mayi wachikulire. Ana anakula n'kuchoka pakhomo, ndipo moyo wanga wonse ndakhala ndikusoka zovala pakhonde la nyumba yathu. Ng'ala inayamba m'diso lakumanzere, kenako inalowa lakumanja. Poyamba ndinkangolephera kulowetsa ulusi m'singano. Kenako nsalu zonse zinasanduka zamtundu umodzi, ngati ndikuziona m'chifunga. Mapeto ake ndinafunditsa makina anga chinsalu, n'kukhala pansi. Kwa zaka zingapo chimene ndinkasiyanitsa chinali usana ndi usiku basi.

Amuna anga ndi ometa tsitsi. Anthu a m'dera lathu amawatcha a Lumo, ndipo inenso ndinangozolowera kuwaitana choncho. Iwo amandiitana kuti Atelala. Ndi munthu amene chikwatiranireni sankadziwa ngakhale pamene timasunga mchere. Koma tsiku limene ndinadzithira madzi otentha paphazi ndikufufuza ketulo, anandigwira pamkono n'kundikhazika pampando. Amvekere, "Atelala, kukhitchini kuno mwapuma pa ntchito. Kuyambira mawa bwana ndine."

Bwana ameneyo anatidyetsa zinthu zoopsa, Aphungu. Mpunga wake unkakhala wopserera pansi, pamwamba wosapsa. Tsiku lina anandipatsa tiyi wa mchere, n'kumakana kuti lilime langa ndi limene lakalamba. Koma chinthu chimodzi anachiphunzira mpaka kuchidziwa bwino, ndicho dzira la m'mawa. Ine mano akumbuyo anatha, ndipo dzira lolimba limanditsamwa. Ndimakonda lofewa, loti choyera chake chagwirana koma chikasu cha m'kati chikadali chamadzimadzi, choti n'kuviikamo buledi. Anawononga mazira ambiri asanalipeze. Lina linkatuluka lolimba ngati mwala wa legeni, lina laliwisi loti mutalibwezera kwa make likhoza kuswa mwanapiye. Ndikayamba kuwalangiza ndili pampando pangapo, ankati, "Khalani chete inu, wophunzira sakuwiridwa." Kenako linayamba kutheka, ndipo chiyambireni silinalakwikenso.

M'mawa uliwonse ndinkaumva ndi makutu. Madzi akulowa m'sefuliya. Mazira akugundana pansi pake madzi akayamba kubwadamuka. Sipuni ikugogoda pachigoba. Kenako mapazi awo akubwera pang'onopang'ono, sipuni ikulira ngwengwengwe pa sosala. Ndinawafunsa tsiku lina kuti phokoso limenelo n'lachiyani, iwo akuti, "Ndi belu la chakudya limenelo. Hotela yabwino siikhala yopanda belu." Ankaika kakapu ka dzira patsogolo panga, n'kundigwiritsa sipuni m'manja, n'kunena mawu omwewomwewo tsiku lililonse: "Dzira lafika, Atelala. Lili kumanja kwanu, buledi kumanzere."

Nthawi ina m'katikati mwa zaka zimenezi anatseka kanyumba kawo kometera. Anandiuza kuti anyamata a masiku ano akufuna mametedwe ojambulajambula m'mutu, iwo sangalimbane nazo, ndiponso ine ndikufunika munthu pakhomo. Ndinakhulupirira.

Mwana wathu wamkazi, amene amagwira ntchito kutali, ndiye anatikakamiza kuti ndikapalidwe maso. Ine ndinkaopa, ndinkati ukalamba sachiza. A Lumo ndi amene anandinyengerera mpaka ndinalola, ndipo anandiperekeza okha kuchipatala atandigwira dzanja. Atachotsa bandeji ndinkaona mwachimbuuzi, adokotala n'kundiuza kuti ndisafulumire, maso azitseguka pang'onopang'ono.

Ndiye m'mawa wina ndili patebulo, dzuwa likulowera pazenera, a Lumo anaika kakapu kaja patsogolo panga n'kudula kamutu ka dzira. Aphungu, ndinaona. Ine ndasoka nsalu zachikasu zosawerengeka, madiresi a operekeza akwati, mayunifolomu a ana asukulu, makatani a anthu olemera, koma chikasu chimenechija sindinachionepo. Chinali chowala, chonyezimira, chikugwedezeka pang'ono m'kati mwa choyera chake, kanthunzi kakukwera pamwamba. Timchere tinkagwerapo n'kumasungunuka ine ndikuona, kamodzikamodzi. Dontho limodzi linatsetsereka m'mbali mwa chigoba mosafulumira, ngati likudziwa kuti pali wina akuliyang'ana. Ndinadzifunsa mumtima kuti kodi chinthu chokongola chonchi ndakhala ndikungochimeza m'mawa uliwonse? Ndiye nkhuku, cholengedwa chopusa chija chimene chimathawa mthunzi wa khwangwala, imayenda ndi zoterezi m'mimba mwake?

Ndinadzutsa mutu kuti ndikuwe, ndiwauze kuti ndikuona. Koma ndisanatero, ndinaona manja awo.

Dzanja lamanja linkanjenjemera ngati tsamba pamphepo, ndipo lamanzere linali litaligwira pamkono kuti lilikhazike. Zala zonse zinali zipsera zokhazokha za moto, zakale ndi zatsopano, pachala chachikulu pali thuza lamadzi. Sipuni inkalira pa sosala, ndipo ndinadziwa pomwepo kuti belu la hotela lija linali chiyani. Ndinayang'ana nkhope. Munthu amene ndinamusiya ali ndi tsitsi lakuda anali atayera mutu wonse, masaya atalowa. Ndevu zinali zometedwa mwapatalipatali, pachibwano pali timabala ta lumo. Ometa tsitsi, Aphungu, munthu amene ankameta ana akhanda osawakanda ngakhale pang'ono! Apo m'pamene ndinamvetsa chimene chinatseketsa kanyumba kometera kaja.

Anandigwiritsa sipuni. Dzanja lawo litatsala pang'ono kukhudza langa, ndinaona akuluma mano, akuliumitsa ndi mphamvu zawo zonse kuti ine ndisamve kanthu. Zaka zonsezi ankachita zimenezi m'mawa uliwonse. Anati, "Dzira lafika, Atelala. Nanga maso lero akuti bwanji?" Ine ndinafufuza buledi ndi dzanja monga mwa masiku onse, n'kuyankha kuti, "Chifunga chikadalipo, a Lumo."

Ndinanama, ndipo ndinapitiriza kunama. Ndikakhala ndekha ndinkayang'ana zinthu mwakuba ngati mwana woba shuga: nyerere zikunyamula nyenyeswa za buledi, madzi akuphethira m'beseni, timizeremizere ta patsamba la maluwa a pakhonde, makwinya a manja anga omwe. Dziko ili ndi lodzaza, Aphungu, anthu openya simudziwa. Koma chimene ndinkachiyembekezera kwambiri chinali m'mawa, kukhala pampando wanga maso ndili tsinzinitsinzini, n'kumaonerera amuna anga akuphika.

Ndinaona mmene ankatsitsira dzira m'madzi, atagwira sipuni ndi manja awiri, atapinda msana, mpweya ataugwira. Ndinaona kuti polivuula sipuni inkawagwetsera, ndiye ankangolitola ndi zala m'madzi otenthawo, n'kumaziuzira mwakachetechete kuti ndisamve. Dzira likang'aluka m'sefuliya ankaliika pambali kuti likhale lawo, langa likhale labwinolo. Tsiku lina linawapulumuka n'kusweka pansi. Anagwada movutikira, n'kupukuta osatulutsa mawu, ndipo tsiku limenelo anamwa tiyi yekha uku akugogoda sipuni pakapu kuti ndiziti akudya. Akamabwera nalo patebulo ankalinyamula ngati munthu wonyamula khanda lobadwa kumene. Ndakhala ndi munthu ameneyu kuyambira ndili mtsikana. Ndabereka naye ana, ndakangana naye, nthawi ina ndinamangapo katundu kuti ndizipita kwathu. Ndinkati ndimamudziwa mpaka m'matumbo. Sindinkamudziwa ayi. Ndinkakhala pampando paja mtima ukugunda ngati ndili pamalo opatulika.

Mundifunsa kuti bwanji sindinangowauza. N'chifukwa cha mawu amene ndinawamva akuuza mnzawo wina pakhonde, maso anga asanapalidwe. Anati, "Ine ntchito yanga padziko pano yatsala imodzi, dzira la Atelala." Ndinkaopa kuti ndikanena kuti ndikuona, ndiwalanda ntchito yotsalayo.

Sabata yathayi zinaululika zokha. Ankasuntha sefuliya pambaula, mkono unawagwedeza mwamphamvu, sefuliya n'kuyamba kupendekera kumapazi awo, iwo atavala patapata. Sindikudziwa kuti ndinadzuka bwanji. Ndinangozindikira ndalambalala ndowa imene inali pakati pa khitchini, ndatsomphola kansalu pamsomali, ndagwira chigwiriro cha sefuliyayo. Madzi anatayikira pang'ono pansi, koma sanapse. Tinayang'anana m'maso, ndipo anaona kuti maso anga ali pa iwo ndendende.

Anafunsa motsitsa mawu, "Mwayamba liti kuona, Atelala?" Ndinati, "Papita kanthawi, a Lumo." Iwo anati, "Ndiye kuti mwaona zonse." Analowetsa manja m'matumba a buluku n'kutuluka panja.

Chichokereni tsiku limenelo sanapondenso kukhitchini. Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Manja amakhala m'matumba kapena kunsi kwa tebulo. Chakudya amadikira ndichoke kaye kuti adye. Mazira ndikuphika ndine, ndipo kunena zoona akundikanika, akumatuluka olimba, koma iwo sadandaula. Nditatchula za chipatala anandibwezera mawu anga omwe, akuti ukalamba sachiza. Andipemphanso kuti mwana wathu asamve.

Aphungu, ndinalira maso kwa zaka, ndawapeza, koma zikukhala ngati ndataya amuna anga. Kodi ndinalakwa kubisa? Ndiwabwezere bwanji kukhitchini popanda kuwawotcha? Nanga mwanayu ndimuuze kapena ndisunge pakamwa? Ndithandizeni.

Mayi R. D., tauni yaing'ono ya m'mbali mwa njanji

*

Amayi,

Choyamba landirani chisangalalo changa chifukwa cha maso anuwo. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo m'mawa mwake ndinapezeka ndikuyang'anitsitsa dzira langa mpaka linazizira. Mwandiphunzitsa kanthu.

Tsopano tilankhule mosapsatira. Akuti walira mvula walira matope. Munapempha maso, ndipo maso sasankha zoti aone. M'nyumba mwanumo munali anthu awiri onamizana, wina akubisa manja, wina akubisa maso, aliyense pofuna kuteteza mnzake. Bodza lotere sindingalitche tchimo lalikulu, koma ndi bodza ndithu, ndipo zala za bambowo zinkapsabe masiku onse amene inu munkaonerera. Sefuliya ija yakuchitirani chifundo poulula msanga. Musadzizunze nazo, koma musabwerezenso.

Bambowo sanakwiye nanu. Akuchita manyazi. Pamene ananena kuti mwaona zonse, ankatanthauza kunjenjemera, zipsera ndi dzira losweka pansi. Akuganiza kuti mwaona munthu wotha ntchito. Sakudziwa kuti inu munaona zina, chifukwa zimene munaonazo mwauza ine, mlendo, iwo simunawauze. Yambirani pamenepo. Pezani nthawi yoti muli awiri, musakhale moyang'anizana ngati pabwalo la milandu, khalani moyandikana. Pepesani mwachidule chifukwa chobisa, osachulutsa gaga m'diwa. Kenako auzeni mmene mwandiuzira ine, za sipuni ya manja awiri, za dzira long'aluka limene ankadzisungira, za mtima wanu kugunda pampando paja. Pakamwa pakakuumani, awerengereni kalata yanu yomweyi. Mwina sayankha tsiku limenelo. Amuna a msinkhu umenewo mawu otere amawameza kaye, amadzawabzikula patsogolo.

Nkhani ya chipatala ndiye siyokambirana kuti kaya. Ine sindine dokotala, ndipo sindingatchule matenda a munthu pongowerenga kalata. Chimene ndikudziwa n'chakuti kunjenjemera kwa manja kumayamba pa zifukwa zosiyanasiyana, ndipo zina mwa izo zili ndi chithandizo chimene chimapeputsa vutolo. Akakuuzaninso kuti ukalamba sachiza, alozereni maso anuwo, muwakumbutse amene anakugwirani dzanja kupita nanu kuchipatala inu mukunena mawu omwewo. Pitani nawo limodzi. Kauzeni adokotala pamene zinayambira, nthawi imene anasiya kumeta ija, ngati dzanja limanjenjemera ali phee kapena akagwira chinthu, ndiponso mankhwala alionse amene akumwa. Thuza la pachala lija akalionenso.

Za mwana wanu, musamuimbire mobisa. Zobisa zakwana m'nyumbamo. Auzeni bambowo poyera kuti simuwadyera miseche, komanso simusunga chinsinsi chimenechi mpaka kalekale. Apatseni mpata woti amuuze okha, ndi pakamwa pawo, akabwerako kuchipatala. Akumbutseni kuti mwanayo maso ali nawo, ndipo tsiku limene adzabwere kudzacheza adzaona yekha. Adzawawidwa kwambiri akadzazindikira kuti makolo onse awiri anamubisira.

Tibwere kukhitchini. Mwanena nokha kuti mazira anu akutuluka olimba. Limenelo si vuto, ndi khomo lolowera. Apempheni akuphunzitseni, ndipo simukhala mukunama chifukwa akukukanikanidi. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, choncho gawanani ntchito. Madzi otentha akhale anu. Kudziwa kuti dzira lafika pake, kudula kamutu ndi kuthira mchere zikhale zawo, atakhala pampando, patebulo. Akafuna kuvuula okha, musawaletse, koma konzani malo. Gwiritsani kasefuliya kakang'ono, madzi ongomiza dzira, chigwiriro chiziloza kukhoma. Dzira lizilowa ndi kutuluka m'madzi lili m'kasefa kachigwiriro, konga ka tiyi kaja, zala zisayandikirenso. Pambali pazikhala mbale ya madzi ozizira yoti dziralo lizifikiramo. Sefuliya yotentha isanyamulidwe, zimitsani moto izizirire pomwepo. Patapata asiye, azivala nsapato zotseka. Ndipo dzira likagwa, lagwa. Musathamangire chikolopa ngati nyumba yapsa, ndiponso musawayamikire ngati mwana amene wayamba kuyenda. Munthu wamkulu amamva msanga akamachitiridwa chisoni.

Ndikuchenjezeni pa zinthu ziwiri. Dzira lofewa limafuna ukhondo, makamaka kwa anthu achikulire ngati inu. Sankhani mazira atsopano, oyera kunja, osang'aluka, ndipo choyera chake chizigwirana chonse. Idyani nthawi yomweyo, losiya lisadikire masana. Long'aluka lija bambowo asamadyenso lofewa, liphikeni lilimbe. Wina wa inu akadwala kapena thupi likafooka, funsani adokotala ngati lofewalo likuyenerabe.

Chenjezo lachiwiri ndi lalikulu. Mtima wanu wadzaza, ndipo ukuuzani kuti tsopano ndi nthawi yanu yowachitira zonse, kuwamangira mabatani, kuwathirira tiyi, kuwalanda chilichonse m'manja. Ukanizeni. Mukatero mudzawakhazika pampando umene inu mwangochokapo kumene, ndipo mukudziwa nokha kutalika kwa tsiku pampando umenewo.

Mawa m'mawa tenthetsani madzi, ikani mazira awiri patebulo, muwaitane. Auzeni kuti simuponya dzira m'madzi mpaka aphunzitsi atafika. Akazengereza pakhondepo, adikireni. Madzi akaphwa, thiraninso ena.

Aphungu